Ndinanena zoona pa gulupu ya mlaga, pano akuti wolakwa ndine. Ndithandizeni abale

NaBanda wa ku Matawale

Moni nonse abale mwa Ambuye. Nkhani yanga ndiyayitali pang'ono mundipirire chifukwa ikundisowetsa tulo. Ine ndimakhala ku Matawale, ndine wa Mvano, ndipo pa mlaga pathu tili ndi kathumba ka chipepeso, banja lililonse limaponya K2,000 pa mwezi kuti kukagwa zovuta tisamachite kuyenda khomo ndi khomo usiku ndi mbale. Msungichuma wathu ndi mayi wina wachikulire ndithu, dzina sinditchula, anayamba kusunga ndalamazi ine ndisanabwere n'komwe ku Zomba kuno.

Ndiye mwezi wathawu kunagwa maliro, bambo a mnzathu wina anatisiya, ndipo pamafunika galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi ku Jali, ufa, nkhuni, kabichi, shuga wa anthu ogona pa siwa, mukudziwa kale mmene zimakhalira. M'buku mwa mlembi munalembedwa kuti m'thumba muli K146,000. Amayi aja atabwera anatulutsa K40,000 basi, nkuti zinazo ndikupatsani. Ndikupatsani liti poti maliro ndi lero? Azimayi anayamba kunong'onezana kuseri kwa khitchini koma palibe ndi mmodzi yemwe anawafunsa pamaso, onse ziii. Ine ndinatenga ndalama yanga ya fizi ya mwana nkukagula ufa kuti tisachite manyazi pamaso pa anamfedwa.

Titabwerako ku Jali usiku ndili wotopa, fumbi lokhalokha, ndinatenga foni nkujambula mawu pa gulupu yathu ya WhatsApp, muli anthu 38. Ndinati, "Amayi ngati ndalama za maliro mwadya tangonenani, kuba n'kuba ngakhale mutavala yunifolomu yoyera." Ndinangonena zimenezo basi, sindinatukwane munthu.

Amayi aja anatuluka pa gulupu usiku womwewo. Pano masabata atatu sakubwera ku tchalitchi, mwana wawo wamkazi tikakumana mu msika amangoyang'ana kumbali. Mayi busa anandiitana nkundiuza kuti zimene ndinanena mwina ndi zoona koma mawu anga analibe mchere, nkundiwerengera Akolose 4:6. Ine zinandiwawa kwambiri. Wodya ndalama ali phee kunyumba kwake anthu akumumvera chisoni, ine amene ndinagula ufa ndi ndalama yanga ndi amene ndasanduka nkhani.

Funso langa ndi ili, kodi kuyankhula mwachisomo kumene timaphunzitsidwaku ndiye kuti tizibisa chilungamo? Mkhristu akaona cholakwika azingomwetulira? Ndiuzeni mosandinyengerera.

Aphunzitsi Opuma, Domasi

Mayi NaBanda, pepani ndi zovutazo, komanso zikomo pa ufa munagula uja, anthu ambiri akuiwala mbali imeneyo koma ine ndaiona. Mwati tisakunyengerereni ndiye sindikunyengererani. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri ndipo milandu yonga iyi ndaikhalira pa seshoni kangapo.

Kufunsa za ndalama simunalakwe ayi. Ndalama ndi za gulu, aliyense woponya ali ndi ufulu wofunsa. Koma tamveraninso mawu anu aja, foni muli nayo. Gawo loyamba mumafunsa ndalama. Gawo lachiwiri, la yunifolomu lija, simumafunsanso ndalama ayi, mumawavula mayi aja pagulu. Mayi wa Mvano ukamunena bulauzi yake yoyera ndiye kuti wamuuza kuti chikhristu chake chonse n'chabodza, zaka zonse zimene wayenda kukaona odwala ndi kukagona pa siwa za anthu. Ndiye n'zodabwitsa kuti sakubwera ku tchalitchi? Abwere atavala chiyani?

Mukawerenge 2 Samueli 12. Davide anachita choipa choposa K106,000 yanuyi kutalitali, anatenga mkazi wa Uriya nkuphetsa mwini wake ku nkhondo. Mneneri Natani sanabise kanthu. Koma taonani mmene analowera. Anapita kwa mfumu iye mwini, nkuyamba ndi nthano ya munthu wosauka amene anali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kamene kamadya naye mbale imodzi, wolemera nkumulanda kuti aphere mlendo. Davide anapsa mtima nkugamula yekha mlandu, kenako Natani ndi pamene anati munthuyo ndinu. Choonadi chinafika chonse osachotsapo kanthu, ndipo Davide analapa chifukwa sanapatsidwe mpata woyamba kudziteteza. Natani akanakaima pa chipata cha mzinda nkumakuwa, mwina tikanangowerenga za maliro ake.

Ambuye Yesu nawonso anatipatsa ndondomeko pa Mateyu 18 kuyambira ndime 15. Mbale wako akakuchimwira pita ukamuuze muli awiri. Akapanda kumva tenga mmodzi kapena awiri. Akakanabe ndiye uuze mpingo. Inu mayi munayambira pa sitepe yomaliza, ndipo usiku, mutatopa, ndi njala mwinanso. Ine ana anga a sukulu ndinkawauza kuti kalata yolemba utakwiya izigona kaye pansi pa pilo. Masiku ano vuto ndi loti pilo kulibe, chala chikangodina basi anthu 38 amva, ena atumiza kale kwa achibale awo ku Lilongwe.

Za mcherezo mayi busa sanalakwitse. Mchere susintha ndiwo kukhala zina, nyemba zimakhalabe nyemba, umangochititsa kuti munthu athe kumeza. Ndiye ndikufunseni chinthu chimodzi, muyankhe mumtima mwanu osati pano: usiku umene uja mumafuna ndalama ibwere, kapena mumafuna amayi aja amve kuwawa kumene inu mumamva?

Mnyamata wa pa Chikanda

Ine ndiye ndikutsutsana nanu pang'ono adala, mwaulemu. Vuto lathu a Malawi ndi limeneli, munthu akaba timayamba kuunika amene wakuwa kuti wakuba m'malo mounika wakubayo. Azimayi onse aja amanong'ona kuseri kwa khitchini aja ndiye akhristu abwino eti? Iwo amadya miseche, amayiwa ananena poyera, wolakwa nkukhala wonena poyera kkkk. Ulemu umenewu ndi umene watisaukitsa, m'matchalitchi ndalama za chitukuko zimasowa anthu nkumati tisiyire Mulungu, denga likudontha zaka teni.

Yesu amene mukumutchulayo anawanena Afarisi kuti ndi manda opaka njereza, pa Mateyu 23, pagulu, sanawatengere pambali. Paulo anamudzudzula Petro pamaso pa anthu onse ku Antiokeya, zili pa Agalatiya 2. Mchere unali kuti pamenepo? Amayi musadandaule, wakutsina khutu ndi mnansi. Atulutse dola basi.

Bambo a Chisomo, St Mary's

Achimwene a pa Chikanda, mfundo yanu ya azimayi onong'ona ija ndagwirizana nayo, miseche si chisomo, ndi mantha ovala chitenje. Koma pa Yesu ndi Afarisi muonetsetse kuti amayankhula ndi ndani. Anali atsogoleri amphamvu amene amasenzetsa anthu akatundu olemera ndipo anali atawachenjeza kambirimbiri. Yesu yemweyo atakumana ndi mayi wa ku Samariya pa chitsime, mayi wa amuna asanu, anayamba ndi kupempha madzi akumwa. Kwa Zakeyu, amene anali wakuba weniweni wa ndalama za anthu, anangoti tsika lero ndikhala kunyumba kwako, ndipo Zakeyu analonjeza yekha kubweza kanayi. Ndiye Ambuye amadziwa kuti pena pofunika nkhwangwa, pena pofunika singano.

Ndikupatseni chitsanzo cha kwathu konkuno chimene ine ndinachiona ndi maso, inu mwina munali musanabadwe. Ine ndine wa Katolika. Pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi athu onse m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Nthawi imeneyo munthu sumatha kudandaula ngakhale za mtengo wa shuga mu minibasi, umayamba wayang'ana kaye kumbuyo. Kalata ija inanena za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za kusowa ufulu woyankhula. Ine ndinali mnyamata, ndikukumbuka mmene tchalitchi chinakhalira chete, ngakhale ana osalira, azibambo ena akuyang'ana pansi kuopa kuti wina awaona akugwedeza mutu.

Chimene ndikufuna muone ndi ichi, m'kalata muja munalibe chipongwe. Sanamunyoze Kamuzu, sanatukwane chipani, anangoyala zinthu mmene zinalili mofatsa ngati bambo akulangiza banja. Boma linakwiya zedi, kalata inaletsedwa, maepiskopi anaitanidwa ku polisi, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Ana a sukulu a pa Chanco pompano anayenda mu msewu kuikira kumbuyo maepiskopi mpaka koleji inatsekedwa. Chaka chotsatira, June 1993, tinavota pa referendamu, 1994 tinasankha boma lina. Kalata ija ikanakhala yotukwana bwenzi boma litapeza pogwira, nkuti onani ansembe amwano awa, ndipo anthu wamba akanachita nayo mantha kapena manyazi. Koma poti inali yaulemu, agogo a kumudzi amatha kuimva nkuti koma izi n'zoona.

Ndiye musamaganize kuti kufatsa ndi kufooka achimwene. Miyambo 25:15 imanena kuti lilime lofatsa lithyola fupa.

Make Tadala

Ine sindidziwa ma vesi ambiri ngati abambo ayankha pamwambawa, ndine wogulitsa nsomba mu msika wa Zomba, matemba ndi milamba yowamba. Koma nkhaniyi yandigwira pamtima chifukwa ine ndinakhalapo mbali inayo. Ndinadyapo ndalama za gulu. Eya, ndanena.

Munali mu 2018 chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa ija, amene mumapita ku Kachulu mukukumbuka mabwato atangokhala pa matope ouma ngati zidutswa za nkhuni. Nsomba kunalibe, ife timapikula kutali mtengo wokwera, mpamba wanga unatha wonse, bambo a kunyumba ntchito inali itawathera, mwana akudwaladwala. Ine ndinali wosunga bokosi la banki mkhonde ya azimayi a ku tchalitchi kwathu. Ndinatengamo pang'ono ndikuti ndikagulitsa ndibweza Lachisanu. Lachisanu linafika ndinatenganso kuti ndibwezere yoyamba ija. Abale ngongole ya chinsinsi imakula ngati chotupa, pofika nthawi yogawana ndinapezeka kuti K70,000 palibe.

Ndikuuzeni zimene zimachitika mumtima mwa munthu wotere poti amayi a ku Matawale mwina simukudziwa. Si kuti amakhala phee ayi. Ine ndinkagona maso ali gwa, ndikamva foni kulira mtima umachita kudumpha, ku tchalitchi ulaliki uliwonse ndimaona ngati abusa akunena ine. Ndinafika poganiza zothawira kwa achemwali anga ku Mangochi osabwereranso, ndipo tsiku lina ndinaganizapo zoipa kuposa pamenepo, sindinena zambiri.

Tsiku lina m'mamawa kusanache bwino ndikusesa panja ndinangoona wapampando wathu akubwera, mayi wamkulu, anavala chitenje chakutha ngati akupita kumunda kuti anthu asadabwe. Anakhala pa khonde, anafunsa za mwana, anafunsa za bizinesi, ine thukuta kale. Kenako anati, "Make Tadala, buku ndaliona. Ndalama ija tiibweza bwanji?"

Tiibweza. Sanati muibweza liti, sanati mwaipititsa kuti. Ka "ti" kameneko abale ine ndinalira ngati mwana, ndinaulula zonse mpaka ndi masiku amene ndinatenga. Iwo sanandinyengerere ayi, anandiuza maso ndi maso kuti chimene ndachita ndi kuba ndipo bokosi ndisiye lero lomwe, komanso kuti gulu liyenera kudziwa, koma anati ndikanene ndekha iwo akhala pambali panga. Ndinakanena. Ena anandinyoza inde, mmodzi mpaka lero sitiyankhulana bwino. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri kumudzi, yotsalayo ndimabweza K5,000 pa sabata mpaka inatha.

Akanandijambulira mawu pa gulupu ndikukuuzani ndithu ndalama ija sakanaiona, ine ndikanathawa, ndipo mwina lero sindikanakhala mu mpingo uliwonse. Munthu ukamuchititsa manyazi pagulu amasiya kuganiza za ngongole, amayamba kuganiza za mmene angakubwezere kapena mmene angabisalire.

Sindikuti amayi anu aja ali ngati ine, mwina anadyadi mwadala, anthu otero aliponso. Koma simunawafunse. Mpaka pano simukudziwa kuti ndalama inapita kuti.

Mnyamata wa pa Chikanda

Make Tadala mwandigonjetsa mbali ina, respect. Koma ndikakamirabe apa, zikatha izi ndalama zisamakhalenso m'chikwama cha munthu mmodzi. Tsegulani akaunti ya gulu osainira akhale atatu, olo pa Mpamba kapena Airtel Money koma lipoti liziwerengedwa mwezi ndi mwezi pamaso pa onse ndi ma lisiti omwe. Timawaika anthu m'mayesero tokha kenako nkumadabwa. Ndipo amayi a ku Matawale abwezeredwe ndalama yawo ya ufa, fizi siidikira chisomo kkkk.

Aphunzitsi Opuma, Domasi

Apa mnyamata wanena zanzeru, zilembedwe. Mayi NaBanda ndiwonjezere kamodzi. Mukapita kukaonana nawo musapite ndi mawu akuti "pepani ngati ndinakulakwirani", ka "ngati" kameneko kamafufuta kupepesa konse. Pepesani chimene mukudziwa kuti munalakwitsa, malo ake ndi za yunifolomu zija. Za ndalama musapepese, ndipo musaope kuzifunsanso. Ndiponso poti munawanena pa anthu 38, kupepesa kwa kuseri kokha sikukwana, pa gulupu pomwepo payenera kumveka mawu anu ena. Yakobo 3 amafanizira lilime ndi kamoto kakang'ono kotentha nkhalango yaikulu, ife a kuno timaziona chaka ndi chaka m'phiri la Zomba nthawi ya chilimwe, wosaka mbewa mmodzi paini yense psiti. Woyatsa amayenera kuthandiza nawo kuzimitsa.

NaBanda wa ku Matawale

Abale ndabweranso. Ndinawerenga zonse, zina ndinakwiya nazo kaye makamaka funso la aphunzitsi lija, ndinatseka foni tsiku lonse. Koma yankho lake ndikulidziwa, ndimafuna amve kuwawa. Ndinamveranso mawu anga aja ndili ndekha kuchipinda ndipo mawu ake ndi a munthu amene sindingafune kukumana naye.

Dzulo madzulo ndinapita, ndinatenga mayi wina wamkulu wa Mvano amene amagwirizana nawo. Ndinanyamula kashuga ndi buledi. Tinawapeza akusankha nyemba pa lichero, atationa anangoti lowani osadzuka, mpando anatipatsa ndi mdzukulu wawo. Ndinagwada nkunena mmene aphunzitsi anandiuzira, opanda "ngati". Anakhala nthawi yayitali osayankha akungosankha nyemba zawo, ine mawondo kuwawa pa simenti. Kenako anati, "Mwana wanga, ine Mvano ndinalowa iwe usanabadwe. Mawu ako aja mdzukulu wangayu anawamva pa foni ya anzake ku sukulu."

Pamenepo ndinasowa chonena. Sindinaganizepo n'komwe kuti angafike kwa ana.

Za ndalama anayamba okha. Akuti mwana wawo wamwamuna anabwereka kuti akonzetse njinga yamoto ya kabaza imene anachita nayo ngozi, analonjeza kubweza pa sabata ziwiri, mpaka lero akungozemba. Iwo amaopa kunena chifukwa ndi mwana wawo. Sindikuti ndiye zili bwino, analakwitsabe kubwereketsa ndalama si yawo ndipo ndinawauza choncho, mofatsa, iwonso anavomera. Ndinayesa ka "ti" ka Make Tadala kaja, kanandivuta kutuluka pakamwa koma kanatuluka. Tagwirizana kuti Loweruka tikumane ndi mlembi ndi wapampando, mwana wawoyo aitanidwe, tilembe kabwezedwe kake. Za akaunti ndikazinena pa mlaga achimwene a pa Chikanda, ndipo za ufa wanga sindinaiwale.

Pa gulupu ndajambula mawu ena m'mawa uno kupepesa za malo ndi za yunifolomu. Amva anthu 31, ayankha anayi okha, mmodzi wangoika ka chithunzi ka manja opemphera. Amayi aja sanabwerere pa gulupu ndipo nditawafunsa ngati tionane ku tchalitchi Sande anangoti tiona. Potuluka anamuuza mdzukulu uja kuti atiperekeze mpaka pa msewu, ndipo buledi analandira.